Kalembedwe ka nkhani yoopsa ya chinsinsi cha m'banja, kwa ife a Chichewa a mu Harare

Funso ili landitsata paliponse. Limabwera pa WhatsApp pakati pa usiku, limandipeza potuluka m'tchalitchi ku Highfield, ndipo tsiku lina linandipeza kumanda ku Mbudzi tikudikira kuti amalize kukwirira. Mawu amasiyana koma dandaulo ndi limodzi: "Akulu, ndinayamba kulemba za mtsikana amene watulukira chinsinsi cha agogo ake, koma pofika mutu wachinayi nkhani yafa. Nditani?" Ndayankha mpaka kukhosi kuuma. Tsono ndalemba kamodzi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Tiyambe ndi mayina awiri amene mumawaona pa intaneti. Gothic ndi nkhani ya nyumba yakale, banja lobisa kanthu, ndi akufa amene akukana kugona. Buku limene ambiri amati linayambitsa mtunduwu analemba ndi Horace Walpole mu 1764, ndipo zonse zimachitikira m'nyumba ya malinga. Psychological thriller ndi nkhani imene mantha ake amamera m'mutu mwa munthu, moti wowerenga amafika pokayika ngati wofotokozayo akuonadi zinthu kapena mutu wayamba kusokonekera. Mukaphatikiza ziwirizi, ndizo mukuyesa kulembazo. Nyumba za malinga zisiyeni kwawo. Ife zipangizo tili nazo kale, zili pansi pa bedi la agogo.

1. Pezani chinsinsi kaye, mzukwa ubwere pambuyo

Ambiri mumayamba ndi kadzidzi padenga ndi chitseko chotseguka chokha. Umenewo ndi mchere chabe, ndipo mchere sadyera nsima pawokha. Yambani ndi kulemba chinsinsicho m'chiganizo chimodzi: ndani anachita chiyani, kwa yani, chaka chiti. Chikakana kulowa m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti inunso simunachidziwe.

Simufunika kupita kutali. Makolo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu muno. Ena anabwera kudzera kwa olemba anthu ntchito amene ankatchedwa Mthandizi, ena anayenda okha kudutsa ku Tete n'kuwoloka Zambezi. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira imeneyi inali yodzaza. Ambiri sanabwererenso, ndipo kumudzi anawatcha machona, kutanthauza amene anapita kukagwira ntchito n'kukhaliratu komweko, osatumiza ngakhale uthenga. Mchona aliyense ndi nkhani: mkazi ndi ana ku Dedza, mkazi wina ndi ana ena ku Mbare, dzina lina kumudzi, dzina lina pa chitupa. Mapanga awiri avumbwitsa, koma amene amavumbwa kwenikweni ndi adzukulu.

Nachi chitsanzo chopeka chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Mu 1958 anyamata awiri ananyamuka ku Ntcheu, ku Salisbury kunafika mmodzi. Wofikayo analowa ntchito ndi chitupa cha mnzake uja, ndipo banja lonse mpaka lero likudziwika ndi dzina ndi mfunda wa munthu amene anatsala m'njira. Mlongo wa womwalirayo ankalembera "achimwene" ake makalata, ndipo kwa zaka makumi atatu amene ankayankha anali agogo aakazi.

Chiyeseni chinsinsi chanu ndi funso ili: chikaululika mawa, ndani ataya chiyani? Nyumba, ukwati, unzika, malo kumanda? Ngati palibe wotaya kanthu, imeneyo ndi mbiri yakale chabe, si chinsinsi.

Chenjezo kwa okonda kulemba za kale osafufuza: mu 1958 munthu sankalandira madola, ankalandira mapaundi ndi mashiling'i, pakuti dola ya Rhodesia inabwera mu 1970. Dzina lakuti Malawi ndi la mu 1964. Mzinda unkatchedwa Salisbury mpaka 1982, ndipo Harare panthawiyo linali dzina la lokeshoni imene lero timati Mbare. Kalata yakale yolembedwa "Harare, Salisbury" pa envulopu ikhoza kusocheretsa mdzukulu wanu mutu wathunthu, ndipo wowerenga wachikulire adzakukhulupirirani kuyambira pamenepo.

2. Mangani nyumba imene inu mwagonamo

Ndawerenga nkhani zambiri za achinyamata a ku Mufakose zochitikira m'nyumba ya zipinda makumi awiri yokhala ndi makwerero olira. Mwana wanga, unaiona kuti? Nyumba zathu zoopsa ndi zina. Pali chipinda chimodzi ku Matapi, m'mahositelo amene anamangidwira amuna okhaokha ogwira ntchito koma lero muli mabanja athunthu, nsalu yokha ndiyo khoma. Pali nyumba ya makolo ku Mabvuku kapena ku Tafara imene mwana aliyense anawonjezerako chipinda chake, kupatula chimodzi chimene palibe amafuna kugonamo. Palinso kaya, kanyumba ka wantchito kuseri kwa nyumba yaikulu ku Highlands kapena ku Avondale, kumene wophika anakhala moyo wake wonse akuona zonse za m'nyumba ya bwana koma osaonedwa ndi aliyense.

M'nyumba yaikulu mantha amabwera chifukwa uli wekha. M'nyumba zathu ndi zosiyana: anthu khumi ndi awiri, makoma opyapyala, aliyense amamva kutsokomola kwa mnzake, koma pali chinthu chimodzi chimene onse anachimva ndipo palibe amachitchula. Kwa ine zimenezi ndizo zoopsa koposa.

Kumbukirani mawu akuti siwa, nyumba imene mwini wake wamwalira. Kumudzi siwa ankatha kuigwetsa kapena kuisiya. M'tauni simungagwetse nyumba ya kanselo, ndiye siwa imasanduka chipinda chimene mumagona mawa lake. Ikanimo chinthu chimodzi chokhoma, chimodzi chokha. M'chitsanzo chathu ndi thiranki yachitsulo pansi pa bedi, kiyi wake ali pa chingwe m'khosi mwa agogo. Ngati mukufuna chinthu chokwiriridwa chitulukire poyera, mbiri inakuchitirani kale ntchito: mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, tinyumba ta kuseri tinagwetsedwa m'malokeshoni ambiri, ndipo simenti ikasweka pansi pamaoneka zimene zinabisidwa.

Musanalembe mutu woyamba, khalani chete usiku magetsi atazima, mulembe phokoso lililonse limene mwamva: malata akuphulika pozizira mu June, chingwe cha chitsime chikukhula pakamwa pa chitsime, wailesi ya anansi yazimitsidwa mwadzidzidzi. Sankhanipo atatu. Amenewo ndiwo mawu a nyumba yanu.

3. Sankhani wofufuza, ndipo muyankhe kuti chifukwa chiyani lero

Chinsinsi chagona zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Chadzuka bwanji sabata ino? Maloto okha si yankho. Pakhale chinthu cha moyo wa tsiku ndi tsiku chimene chikukankha mdzukuluyo kufunsa ngakhale sakufuna.

Mapepala ndiwo khomo labwino kwambiri kwa ife. Ambiri obadwira muno anakula ndi chitupa cholembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, m'dziko lokhalo limene amalidziwa. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane kaye, ndipo ambiri anapezeka alibe kwawo kulikonse. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la maiko a kummwera kwa Africa la SADC, ndipo iye akukhala muno, ndi nzika yobadwa. Koma kukonza chitupa kumafuna mapepala a makolo, ndipo pamenepo ndi pamene mdzukulu wathu akupempha kiyi wa thiranki.

Khomo lina ndi ukwati. Akuchimuna a Chishona afika, akufunsa mutupo, umene ndi ngati mfunda wathu koma kwa iwo ndi wolemera kwambiri pa nkhani ya malowolo. Azakhali akuyankha mwachangu kwambiri. Khomo lachitatu ndi uthenga wa pa Facebook wochokera ku Ntcheu, pali chithunzi cha mnyamata wa dzina la agogo koma nkhope ya munthu wina.

Wofufuzayo mumupatse bala limene ena angaloze. Mwina ali ndi khanda ndipo sagona, mwina bambo ake angomwalira kumene. Akayamba kuona zachilendo, abale akhale ndi chifukwa chomveka chonenera kuti "watopa uyu, mumusiye apume."

4. Konzani kukhala chete kwa banja lonse

Apa ndi pamene nkhani zanu zimafera, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amadumphapo chifukwa analembedwera anthu amene mwana amatha kuloza kholo chala n'kunena kuti ndiuze zoona. Kwathu sizitero. Mdzukulu sapanikiza agogo ndi mafunso ngati wapolisi. Wolemba wosazindikira amachita chimodzi mwa ziwiri: kapena amasandutsa mtsikanayo wamwano, wowerenga n'kumuda, kapena amachititsa agogo kukhala pansi m'mutu wachinayi n'kunena kuti "bwera mdzukulu wanga ndikuuze zonse." Akatero nkhani yatha, masamba otsalawo ndi maliro ake.

Ulemu umene ukuoneka ngati chopinga ndiwo injini ya nkhani yanu. Ntchito yake ndi iyi.

Tengani pepala lalikulu. Munthu aliyense wamkulu m'banjamo mumulembere mayankho anayi: akudziwa gawo liti, akuganiza kuti chinachitika n'chiyani, akukhaliranji chete, ndipo amatani nkhaniyo ikayandikira. Palibe awiri odziwa zofanana. M'chitsanzo chathu, agogo aakazi akudziwa zonse, ndipo anayankha makalata aja poyamba pofuna kupulumutsa mwamuna wawo, kenako chifukwa anayamba kumukonda mlamu wabodzayo ngati m'bale weniweni, mpaka kumamutumizira ndalama ndi mabulangete. Abambo aang'ono akudziwa kuti dzina ndi lobwereka, koma akuganiza kuti nkhalamba inkathawa msonkho. Ali chete chifukwa nyumba ya ku Mufakose inalembedwa m'dzina lomwelo. Azakhali anaona makalatawo ali ndi zaka 12 ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti mayi awo anali ndi chibwenzi ku Malawi. Ali chete pofuna kusunga ulemu wa mayi. Ndiye pali mkulu wa bungwe la maliro, wa kwawo komweko, amene anawaona anyamata awiriwo akunyamuka. Iye amabwera Lamlungu lililonse, amamwa tiyi, sanena kanthu, ndipo agogo sanamulole kuchoka chimanjamanja ngakhale tsiku limodzi.

Mwaona? Palibe mfiti pamenepa. Aliyense akuganiza kuti akuteteza mnzake. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wowerenga ayenera kufika pomva kuti iyenso akanakhala m'banjamo, mwalawo sakanauponya. Ngati chifukwa cha munthu wina chokhalira chete ndi chakuti "ndi woipa basi", bwererani mukachikonze.

Tsekaninso mabowo. Mlongo uja sanazindikire bwanji kuti dzanja si la mchimwene wake? Chifukwa mchimweneyo sankadziwa kulemba, ankalembetsa kwa ena. Funso lotere wowerenga adzafunsa, mulifunse inu poyamba.

Tsopano zoona zituluka bwanji popanda wofunsa mwachindunji? Mwambo wathu womwewo uli ndi ming'alu yake.

Woyamba ndi nthabwala za agogo ndi mdzukulu. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi "mkazi wanga", agogo aakazi amamutcha "mkazi mnzanga", ndipo m'kusereulana kumeneko mumadutsa mawu amene sangadutse pena. Tayerekezani agogo akuseka pakati pa anthu, n'kunena kuti, "Iwe mkazi mnzanga, mwamuna tikulimbiranayu ukumudziwa dzina?" Onse akuseka. Azakhali okha ndiwo aika kapu pansi.

Wachiwiri ndi chilankhulo. Ana ambiri a muno anakulira Chishona, Chichewa amachimva theka. Akuluakulu akafuna kubisa nkhani amalowa m'Chichewa chakuya. Mdzukulu ali kukhitchini akumva mawu awiri okha, "mwini dzina", ndipo akuyenda nawo masabata atatu osadziwa kuti alowa pati. Wowerenga wodziwa Chichewa amakhala patsogolo pa mtsikanayo, ndipo kudikira kuti iye afike pamene inu mwafika kale ndiko kumaletsa tulo.

Wachitatu ndi maliro. Anzathu a Chishona ali ndi sahwira, bwenzi la womwalira amene pamaliro amaloledwa kuseka, kuyerekeza mayendedwe a malemu ndi kuulula zimene ena sangatchule. M'malokeshoni miyambo inasakanikirana kalekale, ndiye sahwira woledzera pang'ono akhoza kuitana malemu ndi dzina limene ana ake sanalimvepo, anthu n'kuyesa nthabwala.

Wachinayi ndi ukalamba: agogo oiwalaiwala amene amapatsa mdzukulu moni wa munthu wina, kapena kuyamba kulakatula mawu a kalata usiku. Samalani nawo umenewu, ndi wosavuta kwambiri, ndipo mukaugwiritsa ntchito kawiri wowerenga aona dzanja lanu.

Funso likafunsidwa, libwere chammbali, yankho lake likhale m'thupi. Mwachitsanzo, mdzukulu akudzoza agogo mafuta m'miyendo:

"Agogo, kumudzi kwa amuna anuwa mfumu yake ndani?"

"Wafunsiranji?"

"Ku ofesi akufuna mudzi ndi mfumu."

"Ukawauze kuti Ntcheu."

"Ntcheu ndi boma, agogo."

Agogo anabweza mwendo n'kuufunditsa chitenje. "Madzi ako aja akuwira kalekale."

Pamoto panalibe mphika.

Palibe chimene chaululidwa, koma wowerenga wadziwa kuti pali khomo ndipo latsekedwa pamaso pake.

Chomaliza pa sitepe imeneyi ndi ndondomeko ya kuulula. Yambirani kumapeto kubwerera m'mbuyo, mugawe zoona m'zidutswa zitatu kapena zinayi, ndipo chidutswa chilichonse chiyankhe funso limodzi n'kubala lina loipa kuposa loyambalo. Dzina si lathu: nanga ndi la yani? Mwini wake anafera m'njira: nanga makalata ake ankalemba ndani? Ankalemba agogo: nanga anadziwa bwanji za chipsera cha pamwendo pake, pamene amati sanamuonepo? Zabodza zimene azakhali ndi abambo aang'ono amakhulupirira muzigwiritse ntchito ngati mayankho apanjira, mdzukulu azipuma poganiza kuti wafika, kenako nthaka igumuke.

5. Gamulani nokha ngati mzimuwo ulipodi

Inu wolemba muyenera kudziwa, ngakhale simudzauza wowerenga. Chachilendo chilichonse chikhale ndi mafotokozedwe awiri, la masana ndi la usiku. Fungo la fodya wa chingambwe m'chipinda chimene palibe wosuta: mwina ndi mkulu wa bungwe uja anadutsamo, mwina ayi. A kuchimuna anena kuti ndi ngozi, mzimu wa munthu wophedwa umene m'chikhulupiriro cha Chishona umavutitsa banja la womupha mpaka litalipira. Abusa anena zawo, adokotala anena kuti ndi kusowa tulo. Musasankhire wowerenga msanga.

Pano ndili ndi pempho, ndipo ndilinena mosabisa. Musasandutse Gule Wamkulu chilombo cha nkhani yanu. Muno anthu amati zvigure, ndipo ambiri amawaopa kale ndi kuwanenera zambiri zopanda umboni. Ife eni ake tikalembanso kuti wovina ndiye wakupha, tikuthira mafuta pamoto umene ukuwotcha ife tomwe. Gule ameneyu UNESCO inamuvomereza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ng'oma zikhoza kumveka patali usiku wa maliro, ndi zoona za moyo wa ku Mabvuku, koma za kudambwe si zanu zolemba. Chimodzimodzi nkhalamba yosauka yokhala yokha: kuiyesa mfiti ndi ulesi wa wolemba.

6. Lembani mmene anthuwo amalankhulira

Mdzukulu anene kuti "inu" kwa agogo ngakhale atakwiya chotani. Tsiku limene adzanene kuti "iwe", ngati lidzafika, likhale limodzi m'buku lonse, ndipo nyumba igwedezeke. Chishona chilowe pamene chimalowadi, mu kombi, pamsika wa Mbare, pakamwa pa achinyamata, koma chiganizo chotsatira chizithandiza wa ku Lilongwe kumva. Ngati mukutumiza nkhaniyo pafoni mutu ndi mutu, mutu uliwonse uthere pamene munthu wangoona kapena kumva kanthu, asanayankhe.

7. Mathero akhale ndi mtengo, kenako perekani kwa owerenga awiri

Zoona zikatuluka, wina alipire. M'chitsanzo chathu mdzukulu wapeza kalata yomaliza yochokera ku Ntcheu, yosayankhidwa chifukwa maso a agogo anafa, ndipo mlongo uja akadali moyo, akufunsa ngati achimwene adzabwera asanamwalire. Mtsikanayo ali ndi cholembera m'manja. Akhoza kukwera basi pa Roadport, kudutsa Nyamapanda ndi Tete, kukanena zoona pamaso pa nkhalamba, banja lake n'kutaya dzina. Akhozanso kuyamba ndi mawu omwe agogo ankayambira, n'kukhala wolemba wachiwiri wa munthu wakufa. Sankhani chimodzi, musathawire ku maloto kapena ku ngozi ya galimoto.

Ngati chinsinsicho mwachitenga m'banja lanu lenileni, sinthani boma, lokeshoni, ntchito, chiwerengero cha ana ndi chaka, mpaka azakhali anu eni atawerenga asadzione. A Chichewa mu Harare timadziwana, pamaliro amodzi timakumana tonse.

Mukamaliza, musayambe mwaponya pagulu. Perekani kwa anthu awiri. Woyamba akhale wachikulire amene anakhalako nthawi ya Salisbury, mumupemphe alembe chizindikiro paliponse pamene anena kuti "ayi, sizinkatero." Wachiwiri akhale wachinyamata wosakusekererani, ndipo mumufunse funso limodzi lokha: unadziwa chinsinsi uli pa mutu uti? Akatchula mutu wachiwiri, bwererani ku pepala lija la sitepe yachinayi, muone amene walankhula msanga, mumutseke pakamwa.